Kuwonjezera Malamulo Anuanu pa Masewera a Nkhondo a Tizidole

Mwayala tebulo, mwaimika timitengo ndi kaphiri, mwandanda amauta anu kutsogolo monga ankachitira Angerezi m'zaka za m'ma 1400. Mnzanu akutulutsa tepi, akuyeza mainchi ake, akuponya madayisi, ndipo apakavalo ake akuwagwera amauta aja n'kuwauluza ngati mankhusu. Inu mumtima mukufunsa kuti zichiri zosongoka zimene amauta ankakhoma patsogolo pawo zapita kuti. Mutsegula buku la malamulo, simukuzipeza. Apa m'pamene ambiri a ife timayambira kulemba malamulo athuathu, ongogwirizana pagulu, oti tikafuna tiwagwiritse ntchito, tikapanda kufuna tiwasiye.

Ine ndawalembapo ambiri malamulo oterewa, ndipo amene akhalitsa patebulo langa ndi ochepa. Onse amene akhalitsa ali ndi khalidwe limodzi: amamuika wosewera pamphambano, kuti asankhe yekha njira, akudziwa kuti akatenga iyi wataya inayo. Njira imene ndikufotokoza pano ndi yofikira pa lamulo lotero.

Choyamba, sewerani kaye monga buku likunenera

Musanakhudze kalikonse, sewerani masewera osachepera 5 ndi malamulo a m'buku okhaokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zambiri zimene zimaoneka ngati wolemba anaziiwala zimakhala kuti anazibisa m'manambala. Gulu la oyenda pansi limene likuvuta kupha mwina analiwerengera kale zishango zake, ndiye inu mukaliwonjezera lamulo la zishango ndiye kuti mwalipatsa kawiri.

Werenganinso bukulo mpaka kumapeto, chifukwa nthawi zina chimene mukufunacho chilimo kale. M'masewera a Lion Rampant, apakavalo ovala zachitsulo ali kale ndi lamulo lowachititsa kuthamangira mdani ngakhale mwini wawo asakufuna. Mu De Bellis Antiquitatis, imene ambiri amangoti DBA, apakavalo oterewa akakankha mdani amamutsatira okha. Kulemba lamulo lina pamwamba pa amenewa n'kungosokoneza.

Khalani ndi kope pambali pa tebulo. Chinthu chikakukhumudwitsani, lembani chimene chachitika basi, osalemba mankhwala ake. Mwachitsanzo: "Amauta anaima maulendo atatu osasuntha, apakavalo anawafika kuchokera kutsogolo, anatha onse." (Ulendo pano ndi nthawi imene wosewera mmodzi amasuntha magulu ake asanasiyire mnzake.) Masewera asanu akatha, onani dandaulo limene labwera kawiri kapena katatu. Labwera kamodzi lokhalo lisiyeni, kawirikawiri amakhala madayisi chabe. Ndipo dandaulo limene mwalemba usiku umene mwagonja, mufunse amene anapambana ngati iyenso anaona chimodzimodzi. Lamulo lobadwa m'kuwawa kwa kugonja limakonda kukondera gulu la amene walilemba, ngakhale mwiniwakeyo sakuzindikira.

Chachiwiri, yang'anani tebulo lisanakhale lamulo

Madandaulo ambiri onena kuti apakavalo achita kunyanya mphamvu amachokera pa tebulo losalala ngati bwalo. Nkhondo zambiri zimene oyenda pansi anagonjetsa apakavalo zinkachitikira pamalo ovuta. Ku Courtrai, pa 11 July 1302, anthu a m'mizinda ya Flanders anaima kuseri kwa timitsinje ndi ngalande, ndipo apakavalo a ku France anafika pamikondo atamwazikana kale. Mtsogoleri wawo, Robert wa ku Artois, anafera pomwepo. Ku Agincourt, pa 25 October 1415, polimbana ndi Angerezi, a ku France anayenda m'munda wolimidwa kumene, wonyowa ndi mvula, nkhalango ikuwapanikiza uku ndi uku.

Pafupifupi buku lililonse lili ndi malamulo a malo ovuta. Yesani kuika dambo, mtsinje kapena nkhalango ziwiri zosiya mpata wopapatiza, museweremo kawiri. Dandaulo likatha, kope lija mulitseke. Likatsalabe, ndiye pitirirani.

Chachitatu, lamulo lililonse likhale ndi mtengo wake

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mutu wa nkhani uli pano. Walira mvula walira matope. Lamulo limene limangopatsa gulu mphamvu popanda kulilanda kanthu silibweretsa nzeru iliyonse patebulo, popeza wosewera aliyense adzaligwiritsa ntchito nthawi zonse mosaganiza. Njira yabwino yopezera mtengo woyenera ndi kufunafuna nkhondo ziwiri: ina imene njirayo inathandiza, ina imene inapweteketsa eni ake. Yoyamba ikupatsani phindu la lamulo, yachiwiri ikupatsani mtengo.

Tiyambe ndi zichiri zija. Ku Agincourt, Mfumu Henry V inalamula amauta kukhala ndi zichiri zosongoka, ndipo apakavalo a ku France amene anawathamangira analephera kuwathyola. Koma pa 18 June 1429, ku Patay, apakavalo a ku France anawapeza amauta a Angerezi asanamalize kukonzeka, ndipo anawakantha koopsa. Zichiri zimafuna nthawi. Choncho lamulo langa limati: gulu la amauta likhoza kukhoma zichiri likataya ulendo wathunthu, osayenda, osaponya muvi. Zikakhomedwa, apakavalo obwera kuchokera kutsogolo amataya mphamvu yowonjezera imene buku limawapatsa akamathamangira mdani. Obwera cham'mbali kapena kumbuyo sataya kanthu. Gululo likasuntha, zichiri zatsala, ndipo likafuna kupita nazo litayenso ulendo wina pozizula, monga anachitira amauta a Henry pamene anasendera kutsogolo n'kukazikhomanso.

Taonani chimene lamuloli limachita kwa anthu awiri apatebulo. Mwini amauta akuyang'ana mtunda, akuwerengera ngati apakavalo afika ulendo uno kapena wamawa, ndipo ayenera kusankha pakati pa kuponya mivi tsopano ndi kudziteteza. Mwini apakavalo nayenso akusankha: athamangire pompano zichiri zisanakhomedwe ngakhale oyenda pansi ake atsalira, kapena azungulire cham'mbali n'kutaya nthawi pansi pa mvula ya mivi. Onse awiri apatsidwa choganiza. Lamulo likamasangalatsa mbali imodzi yokha, inayo n'kumangoonerera, ndiye kuti silinapse.

Lachiwiri ndi mpanda wa zishango kapena wa mikondo. Asikoti ankaunjikana m'magulu othithikana a mikondo yaitali otchedwa schiltron. Ku Falkirk, mu 1298, magulu a William Wallace anaima malo amodzi, apakavalo a Edward I analephera kuwalowa, koma oponya mivi anawalasa ali chiimire mpaka mipata inatseguka. Ku Bannockburn, mu 1314, Robert Bruce anali atawaphunzitsa anthu ake kuyenda ali m'mpandamo, ndipo anawapanikiza Angerezi pamalo opapatiza. Lamulo lake likutuluka lokha: gulu likapanga mpanda limalimba polimbana ndi obwera kutsogolo, koma limayenda theka la mtunda wake, silingathamangire mdani, ndipo mivi imalipweteka kuposa kale chifukwa anthu athithikana. Ngati mukufuna kusiyanitsa ophunzitsidwa bwino ndi anthu wamba ongotoledwa, lolani ophunzitsidwa okha kuyenda ali m'mpanda, enawo aime chilili.

Lachitatu, limene ndimalikonda kuposa onse, ndi la kuthamangitsa mdani wothawa. M'masewera ambiri gulu likapambana limaima mwaulemu kudikira kuti mwini wake aliuze chochita. Anthu enieni sankatero. Ku Lewes, pa 14 May 1264, Edward, asanakhale mfumu, anathyola gulu la anthu a ku London n'kuwathamangitsa mtunda wautali; pobwerera anapeza Simon de Montfort atagonjetsa kale asilikali a bambo ake, Henry III. Ku Hastings, pa 14 October 1066, asilikali a Harold, mfumu ya Angerezi, anaima pachitunda ndi mpanda wa zishango umene Anormani anaulephera kwa maola ambiri, koma ena a iwo ataona mdani akubwerera m'mbuyo anatsika kumuthamangitsa, ndipo apakavalo a William, mtsogoleri wa Anormani, anawatembenukira n'kuwapha kumunsi.

Lamulo lake: gulu likathawitsa mdani pomenyana pafupi, liyesedwe ndi mayeso a madayisi oona kulimba mtima, omwewo amene buku lanu limagwiritsa ntchito. Likakhoza, mwini wake asankhe kuima kapena kuthamangitsa. Likalephera, lithamangitse basi, mtunda wake wonse, ndipo ngati linali m'mpanda, mpandawo wapasuka. Mtsogoleri akakhala pafupi, mayesowo apepuke pang'ono. Mukatero mtsogoleri wapeza ntchito yeniyeni, ndipo wosewera amayamba kudzifunsa ngati amuike kumene nkhondo yatentha kapena kumene kuli anyamata amtima wapachala ofunika kuwagwira.

Pa lamulo lomweli mukhoza kumangapo kuthawa kwachiphamaso. Amene analemba za Hastings kumbali ya Anormani amati William anagwiritsa ntchito njira imeneyi mwadala pambuyo pake, ndipo Amongolia ankadziwika nayo kwambiri. Muipereke kwa magulu ochepa okha, makamaka apakavalo ophunzitsidwa bwino ndi apakavalo opepuka. Gulu linene kuti likuthawa mwachiphamaso, libwerere m'mbuyo, mdani ayesedwe ngati athamangitse. Koma othawawo ayesedwenso, ndipo akalephera, kuthawa kwabodza kuja kwasanduka kwenikweni. Popanda chiopsezo chimenechi, aliyense amangothawathawa ulendo uliwonse ndipo masewera sayenda.

Za kutha kwa mivi ndinena mwachidule, pakuti maganizo ake ndi abwino koma ntchito yake ndi yotopetsa. N'zoona kuti amauta a Angerezi ankalandira mivi m'mitolo ya 24, ndipo mivi inkatha. Koma kuwerenga muvi uliwonse papepala kumapha masewera. Ngati mukulifunadi, ikani timiyala kapena timikanda 4 kumbuyo kwa gulu lililonse, muzichotsa kamodzi likaponya. Tikatha, amauta asolole malupanga ndi nyundo monga anachitira ku Agincourt. Choposa pamenepo sindikulangizani.

Pali malamulo ena amene ndi okoma powerenga mbiri koma owawa patebulo. Ku Bosworth, mu 1485, a banja la Stanley anaima pambali ndi asilikali awo, kenako Sir William Stanley analowerera mbali ya Henry Tudor ndipo Richard III anaphedwa. Mukalemba lamulo loti gawo la asilikali likhoza kukana kumenya kapena kutembenuka chifukwa cha dayisi limodzi, munthu amene wapaka tizidole take utoto kwa milungu yambiri akhoza kukhala madzulo onse osatisuntha. Lamulo lotero lisungireni masewera apadera amene onse awiri agwirizana kuti lero tikusewera Bosworth, ndipo amene watenga mbali yoopsayo waitenga akudziwa.

Nyengo nayo ili pakatikati. Ku Towton, pa 29 March 1461, mphepo ndi chipale chofewa zinkawomba kumaso kwa a Lancaster. Mivi ya a York inkafika patali pamene ya a Lancaster inkagwera panjira. Ku Crécy, mu 1346, asilikali a ku Genoa oponya ndi mauta opingasa, omenyera mbali ya France, analowa nkhondo atatopa ndi ulendo, zishango zawo zazikulu zitatsalira m'ngolo za katundu. Mukafuna mphepo kapena mvula, ponyani dayisi lake asilikali asanandandidwe patebulo, kuti wosewera athe kusintha mapulani ake. Mphepo yotulukira pakati pa masewera imangolanga munthu amene sanalakwe kanthu.

Chachinayi, gwiritsani ntchito zida zimene masewerawo ali nazo kale, ndipo werengani madayisi

Masewera alionse ali ndi chinthu chimene wosewera amachiumira, ndipo mtengo wa lamulo lanu ulipiridwe ndi chimenecho. Mu DBA mbali iliyonse ili ndi timagulu 12, ndipo dayisi limodzi limene mumaponya poyamba ulendo ndilo limanena kuchuluka kwa mayendedwe amene mungachite. Kumeneko, kukhoma zichiri kudye imodzi kapena ziwiri mwa nambala zimenezo. Mu Lion Rampant gulu limayesedwa ndi madayisi awiri lisanachite kanthu, ndipo likalephera ulendo wanu umathera pomwepo. Kumeneko kukhoma zichiri kukhale lamulo lofuna mayeso ngati ena onse, ndipo chiopsezo chotaya ulendo ndicho mtengo wake. Musabweretse makadi m'masewera a madayisi okhaokha, kapena dayisi la mbali 10 pamene ena onse ndi a mbali 6. Chida chachilendo chilichonse ndi chinthu china choti anthu aziiwala.

Tsopano masamu, amene ambiri amawathawa pamene ndi osavuta. Mawu oti "tingowonjezera 1" amamveka aang'ono. Pa dayisi limodzi la mbali 6, ngati mumafuna 4 kapena kuposa, mwayi wanu ndi 3 mwa 6. Mukawonjezera 1 wafika 4 mwa 6. Koma ngati mumafuna 6 yekha, kuwonjezera 1 kwachulukitsa mwayi wanu kawiri. Ndiye lamulo limodzimodzilo limathandiza gulu lofooka kwambiri kuposa lamphamvu. Gulu loponya madayisi 12 lofuna 5 kapena 6 limalasa pafupifupi kanayi. Mukalitsitsira pa 4 limalasa pafupifupi kasanu n'kamodzi. Mwaliwonjezera theka la mphamvu zake ndi kanambala kamodzi.

Pa madayisi awiri nkhani imasinthanso. Pali njira 36 zimene angagwere. Kupeza 5 kapena kuposa ndi njira 30, kupeza 6 ndi 26, kupeza 7 ndi 21, kupeza 8 ndi 15, kupeza 9 ndi 10, kupeza 10 ndi 6. Kuchoka pa 7 kupita pa 8 ndiye kuti mwachoka pa kukhoza kawirikawiri kupita pa kulephera kawirikawiri. Choncho mukamaika nambala ya mayeso a kuthamangitsa kapena a kuthawa kwachiphamaso, dzifunseni kaye kuti mukufuna chinthucho chizichitika kangati pa maulendo 10, kenako musankhe nambala yoyandikira pamenepo. Ine ndimafuna kuthawa kwachiphamaso kuzilephera pafupifupi kamodzi pa kanayi kwa apakavalo abwino, ndiye ndimawaikira 6.

Mukaona kuti kuwonjezera 1 kwachuluka, pali njira yofatsa. Lolani wosewera kuponyanso madayisi amene agwera pa 1 okha. Kwa gulu lofuna 4, zimenezi zimakweza mwayi kuchoka pa 6 mwa 12 kufika pa 7 mwa 12, pamene kuwonjezera 1 kukanaufikitsa pa 8 mwa 12. Kulola kuponyanso onse olephera ndiye kwamphamvu koposa zonse, kumafikitsa pa 9 mwa 12, ndipo musakupereke mwachisawawa.

Chenjeraninso ndi kuunjikana. Gulu lili pachitunda, buku lalipatsa 1. Lili m'mpanda, inu mwalipatsa 1. Mtsogoleri ali pafupi, 1 winanso. Lirilonse palokha n'labwino, koma pamodzi apanga gulu losagonjetseka. Ikani malire: zowonjezera zochokera ku malamulo anuanu zisapitirire 1 pa kuponya kumodzi.

Chachisanu, lembani lamulolo pakhadi

Lamulo lokhala m'mutu limasintha malinga ndi amene akulikumbukira. Lilembeni pakhadi laling'ono, ndipo ngati silikukwana mbali imodzi ya khadilo, lifupikitseni kapena muligawe pawiri. Khadi liyankhe mafunso awa: ndi magulu ati amene angaligwiritse ntchito, pa gawo liti la ulendo, limapereka chiyani, limalanda chiyani, ndipo limatha liti. Funso lomalizali ndi limene limaiwalika kwambiri. Mpanda umapasuka gulu likakankhidwa m'mbuyo? Zichiri zotsala, gulu lina lingaime kuseri kwake? Mdani akazidutsa zimakhalapobe? Yankhani musanasewere, chifukwa pakati pa nkhondo aliyense amayankha mokomera mbali yake.

Gwiritsani ntchito mawu omwewo amene buku limagwiritsa. Ngati buku lili ndi tanthauzo lake la "kutsogolo" kwa gulu, tsatirani lomwelo. Ndipo masewera ena alibe kutsogolo kapena kumbuyo n'komwe, gulu limaona mbali zonse. M'masewera otero lamulo la zichiri lidalire kumene zichirizo zaikidwa patebulo: mdani akadutsa pamzere wa zichiri pofika, ndiye kuti zamugwira.

N'chifukwa chake chilichonse chimene lamulo lasintha chizioneka ndi maso. Dulani timitengo totokosera m'mano, mutimate mopendekeka pakachidutswa ka katoni kotalika ngati kutsogolo kwa gulu, mupake utoto wa dothi. Zichiri zanu ndi zimenezo, ndipo pa tizidole totalika mamilimita 28 (28mm) zimakhala bwino ndithu. Pa ta 15mm mutidule tifupike. Gulu la m'mpanda liimikeni mothithikana kuti aliyense wodutsa aone. Tebulo lokongola ndi theka la chifukwa chimene timasewerera masewerawa, ndipo kachizindikiro kopangidwa bwino sikaliipitsa ngati timapepala tolembalemba.

Chachisanu n'chimodzi, liyeseni, limodzi lokha pa nthawi

Mukalowetsa malamulo atatu tsiku limodzi ndipo masewera apendekeka, simudziwa amene walakwa. Lowetsani limodzi. Yalani kankhondo kakang'ono, magulu atatu kapena anayi mbali iliyonse, kokonzedwa kuti lamulolo ligwire ntchito msanga. Sewerani, kenako musinthane mbali osasuntha kamtengo ngakhale kamodzi, museweranso. Kusinthana kumeneku musakudumphe. Munthu amene walemba lamulo la zichiri ayenera kulawa kukhala wapakavalo woyang'anizana nazo.

Mukatero, mupemphe mnzanu wochenjera kwambiri pagulu panu kuti alithyole dala. Asankhe asilikali ongodalira lamulolo, amauta okhaokha okhala kuseri kwa zichiri m'mphepete mwa tebulo. Ngati njira imeneyo ikupambana nthawi zonse, mtengo wachepa, kapena masewera anu akusowa cholinga chokakamiza anthu kuyenda, monga mlatho woti ulandidwe kapena ngolo zoti ziperekezedwe. Nthawi zambiri cholinga chotere chimakonza vutolo popanda kukhudza khadi.

Pamene mukuyesa, yang'anirani zinthu zitatu. Kodi wosewera anaima n'kuganiza asanaligwiritse ntchito? Ngati aliyense amalitenga nthawi zonse, n'lotchipa. Ngati palibe amene walikhudza masewera atatu, n'lodula kapena n'losafunika. Kodi munaliiwala pakati pa masewera? Lamulo loiwalika kawiri likukuuzani kuti masewera sakulisowa. Ndipo kodi lawonjezera mphindi zingati? Masewera amene ankatha maola awiri akayamba kutenga atatu, anthu amasiya kubwera, ngakhale sanena chifukwa chake.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi, kaya nambala ya mayeso kaya mtunda, ndipo mulembe tsiku pakona ya khadi kuti pasakhale makadi awiri osiyana oyenda pagulu. Ngati masewera anu amagula magulu ndi mapointi, ganiziraninso ngati gulu lopindula ndi lamulolo likwere mtengo. Ine ndimayamba ndayesa kuika mtengo wonse m'kati mwa lamulo lenilenilo, chifukwa kukhudza mapointi kumagwedeza mndandanda wa asilikali wa aliyense.

Chomaliza, gwirizanani madayisi asanagwe

Malamulowa ndi osankha, ndipo akhalebe osankha. Musanandande asilikali, yalani makadi patebulo, aliyense awawerenge, ndipo khadi lilowe pokhapokha onse avomera. Mmodzi akakana, libwerere m'bokosi popanda kumunyengerera. Njira ina imene imayenda bwino ndi yoti aliyense asankhe khadi limodzi, ndipo onse awiriwo agwire ntchito mbali zonse ziwiri. Makadi awiri kapena atatu pa masewera amodzi ndi okwanira. Kupitirira apo mutu umakhala pamakadi, maso achoka patebulo.

Masewera akayamba, khadi silisinthidwa, ngakhale mutaona poyera kuti lalakwika. Pakabuka funso limene khadi silikuyankha, ponyani dayisi, 1 mpaka 3 yankho la uyu, 4 mpaka 6 la uyo, mulembe funsolo m'kope, mudzakambirane tizidole titalowa m'mabokosi.

Mlendo akabwera, kapena munthu amene akungophunzira kumene, makadi onse akhale m'bokosi. Aphunzire masewera monga alili m'buku, kuti akakasewera ndi anthu ena kwina kapena pampikisano asakadabwe kuti zichiri zimene anazolowera kulibe. Akasewera kangapo n'kufunsa yekha chifukwa chimene apakavalo ake opambana amangoima osathamangitsa othawa, mutulutsireni khadi la Lewes, mumufotokozere za Edward ndi anthu a ku London, ndipo mumulole asankhe mbali imene akufuna kuyamba nayo.